Muli kale m'nyumba ya khonsolo ku England koma mukufuna kusamuka? Umu ndi mmene amasankhira woyamba

Funso ili landitopetsa abale anga, ndiye ndati ndingolemba kamodzi, aliyense wofunsanso ndizingomutumizira. Limabwera m'mawu osiyanasiyana koma ndi limodzi lomweli: ine ndakhala pa list zaka zisanu, neba wanga walembetsa chaka chatha chomwechi wasamuka kale, kodi pali katangale? Nthawi zambiri palibe katangale aliyense, kungoti neba wanuyo ali mu bandi ina, gulu limene khonsolo imakuikani malinga ndi kukula kwa vuto lanu, ndipo mapepala ake akunena zimene a khonsolo amafuna kumva.

Ndikulankhula ndi inu amene muli kale m'nyumba ya khonsolo kapena ya housing association (bungwe lochititsa lendi nyumba za social, zotsika mtengo ngati za khonsolo) ku England ndipo mukufuna kusamukira ina, kaya ana akula zipinda zachepa, kaya masitepe akukukanikani, kaya pamalopo pavuta. A ku Scotland ndi Wales malamulo anu ndi ena ngakhale zambiri zimafanana, ndipo a ku Glasgow dziwani kuti khonsolo yanu ilibe nyumba zake, inazipereka mu 2003, ndiye mumalembetsa ku ma housing association.

Chotsani kaye m'mutu maganizo a kuchigayo oti wafika m'mawa ndiye agaya m'mawa. Ku England mabanja opitirira 1.3 miliyoni ali pa ma list a nyumbazi, nyumba zopanda anthu zimatuluka zochepa, ndiye amayang'ana kaye kukula kwa vuto, nthawi imene mwadikira imabwera pambuyo.

1. Dziwani landilodi wanu ndi mtundu wa tenancy yanu

Tulutsani pepala lija munasaina polowa. Likunena kuti secure, flexible, assured, introductory kapena starter? Introductory ndi starter ndi zoyeserera, kawirikawiri miyezi 12, ndipo muli mmenemo malandilodi ambiri salola transfer (kukusamutsirani nyumba ina) kapena kusinthana nyumba pokhapokha pali zoopsa. Ngati landilodi wanu ndi housing association, afunseni funso limodzi ili: muli ndi list yanuyanu ya ma transfer kapena ndikalembetse ku khonsolo? Ena ali nayo, ena anaithetsa amangotumiza aliyense ku housing register ya khonsolo. Ngati zonse ziwiri zikutheka lembetsani konse, palibe choletsa.

2. Pezani allocation scheme ya khonsolo yanu, muiwerenge

Khonsolo iliyonse imakakamizidwa ndi lamulo la Housing Act 1996 kukhala ndi chikalata chofotokoza mmene imagawira nyumba, ndiye allocation scheme kapena allocations policy imeneyo. Ili pa webusaiti yawo, yaulere, yaitali komanso yotopetsa, koma mayankho onse ali mmenemo. Musamvere za mnzanu wa ku Leeds pamene inu muli ku Luton, malamulo ang'onoang'ono amasiyana khonsolo ndi khonsolo, ngakhale ma borough awiri oyandikana mu London.

Chimene sichisintha ndi magulu amene lamulo limati apatsidwe mwayi woyamba, amawatcha reasonable preference. Awa ndi anthu opanda pokhala, okhala mothithikana kapena m'nyumba yoika moyo pachiswe, ofunika kusamuka chifukwa cha matenda, ulumali kapena chisamaliro, ndi ofunika kukakhala dera linalake kuti apewe mavuto aakulu, mwachitsanzo kukasamalira kholo lodwala. Tsono apa mvetserani. Kuchokera pa Localism Act 2011, munthu amene ali kale m'nyumba ya social ndipo sali m'gulu lililonse mwa amenewa, khonsolo sikakamizidwa kumuika pa mpikisano umodzi ndi enawo. Makhonsolo ena amakulandiranibe nkukuikani pansi penipeni, ena amakukanirani pakhomo pomwe kuti muli ndi nyumba yokwanira kale. Ndiye ngati chifukwa chanu ndi choti mukungofuna gadeni kapena dera lakutopetsani, dumphani mupite pa nambala 9, list sikuthandizani.

3. Mvetsani bandi ndi deti

Makhonsolo ambiri amagawa anthu m'mabandi, A, B, C, D kapena 1 mpaka 4, ena gold, silver, bronze, ena akugwiritsabe ma points. Pamwamba pamakhala a moyo pachiswe, oti nyumba yawo ikugwetsedwa, odwala kwambiri amene sangatuluke m'chipatala chifukwa nyumba yawo singawalandire, komanso, izi zimadabwitsa ambiri, anthu amene akusiya nyumba yaikulu kupita yaing'ono. Agogo amene atsala okha mu 3 bed amaikidwa pamwamba chifukwa khonsolo ikuifuna nyumba yawoyo, sikuti amawakondera ayi.

Mkati mwa bandi imodzi ndi mmene deti imagwira ntchito. Anthu awiri a bandi B akabida (kusonyeza kuti akuifuna) nyumba imodzi, wa deti yakale ndiye amatsogola, koma wa bandi A amene walowa dzulo amawapitirira onse awiri. Ndipo m'makhonsolo ambiri mukakwezedwa bandi deti yanu imayambira tsiku limene mwalowa bandi yatsopanoyo, osati tsiku munalembetsa koyamba. Ndiye mwana akabadwa, matenda akakula, mwana akakwanitsa zaka 10, auzeni sabata yomweyo. Mwezi uliwonse umene mwakhala chete ndi mwezi umene mwapatsa anthu ena. Komanso ambiri amatumiza kalata kapena imelo chaka ndi chaka yofunsa ngati mukufunabe kukhala pa list, mukapanda kuyankha amakufufutani nkuyambiranso pa ziro, yang'anani mu junk mail.

4. Werengani zipinda mmene iwo amawerengera, osati mmene inu mukumvera

Mutha kumva kuti mwathithikana koma papepala muli bwinobwino. Makhonsolo ambiri amatsata bedroom standard: chipinda chimodzi cha mwamuna ndi mkazi wake, chimodzi cha munthu wamkulu aliyense wa zaka 21 kupita m'tsogolo, chimodzi cha ana awiri a zaka 10 mpaka 20 ngati onse ali anyamata kapena onse atsikana, chimodzi cha ana awiri osakwana zaka 10 kaya ndi mnyamata ndi mtsikana. Ndiye mnyamata wa zaka 9 ndi mlongo wake wa zaka 7 kwa iwo agona chipinda chimodzi palibe vuto, mnyamatayo akangokwanitsa 10 ndiye mwasowa chipinda. Makhonsolo ena amatsata malamulo a benefits, amene amapatsa mwana chipinda chakechake pa zaka 16. Kusiyana kumeneku ndi kwa zaka zisanu zathunthu, ndiye onani kuti yanu ikutsata ziti. Ndipo kusowa chipinda chimodzi ndi kusowa ziwiri nthawi zambiri ndi mabandi osiyana.

Pali mawu ena oti statutory overcrowding, a mu Housing Act 1985, anthu amakonda kuwalemba pa fomu poganiza kuti aopseza nawo. Muyeso umenewo ndi wouma zedi, umawerenga ndi pabalaza pomwe ngati chipinda chogona, mwana wosakwana chaka sawerengedwa, wa pakati pa chaka chimodzi ndi 10 ndi theka la munthu. Mabanja ambiri othithikana zenizeni safikapo.

Tsono za ife a kumudzi, ndani amawerengedwa ngati wa m'nyumba mwanu. Amayi abwera kuchokera ku Zomba pa visitor visa kudzathandiza chikuta, miyezi 6, sawerengedwa, ndi mlendo. Msuweni amene mwamusunga pamene akusaka pokhala, makhonsolo ambiri samuwerenga, ena amati mwadzithithikitsa dala nkukutsitsani bandi. Ana amene akadali ku Malawi mukuyembekeza visa yawo sawerengedwa mpaka atafika. Mwana amene amagona kwa inu Loweruka ndi Lamulungu lokha kawirikawiri amawerengedwa kwa kholo limene limalandira Child Benefit. Za pakati zimasiyana, ena amawerenga mukaonetsa fomu ya MAT B1 imene azamba amapereka mimba ikafika masabata 20, ena amadikira mwana abadwe kaye. Ndipo chonde musalembe munthu amene sakhala nanu kuti mupeze chipinda china, kunama pa fomu imeneyi ndi mlandu, ndipo nyumba imene mwaipeza ndi bodza angathe kukulandani ngakhale patapita zaka.

5. Umboni, apa ndiye pamene ambiri timagwera

Pano ndikhalitsapo chifukwa anthu amangokuuzani kuti katengeni kalata ya dokotala, basi, osakuuzani kuti kalatayo inene chiyani.

Munthu amene akuwerenga fomu yanu sanakuoneni, sadzafika kwanu, ali ndi mulu wa mafomu ndi chikalata chija cha pa nambala 2. Ntchito yake ndi kuona ngati zimene mwalemba zikugwirizana ndi mawu a bandi inayake. Ndiye inu chitani zomwezo musanatumize. Tsegulani allocation scheme, pezani bandi imene mukuona kuti ndi yanu, koperani mawu ake enieni pa pepala, kenako pansi pa mfundo iliyonse lembani kuti umboni wanga wa ichi ndi uti. Pamene palibe umboni ndiye pamene mukuyenera kuthamangira.

Za matenda, bandi sabwera chifukwa choti mukudwala. Imabwera chifukwa choti nyumba imene mukukhalayo ikukulitsa matendawo kapena simungathe kuigwiritsa ntchito, ndipo nyumba ina ingasinthe zimenezo. Shuga ndi BP, ngakhale zikuvutitseni bwanji, pazokha sizikusamutsani, chifukwa adzati shugayo musamuka naye. Kalata ya GP yongonena kuti mayi awa amadwala nyamakazi ndipo ndikuvomereza kuti asamuke, imeneyo ndi yopanda mphamvu, pena mwalipiranso ndalama kuti akulembereni. Yamphamvu ndi yonena kuti amakhala pa nsanjika yachitatu popanda lift, masitepe ndi angapo akuti, amatuluka kamodzi pa sabata, anagwapo pa masitepe tsiku lakuti nkupita ku A&E (chipatala cha zangozi), sangalowe m'bafa popanda womunyamula, akufunika nyumba ya pansi yokhala ndi shawa yopanda chopondera. Mwaona kusiyana kwake? Yoyamba ikukamba za thupi lokha, yachiwiri ikulumikiza thupi ndi nyumba.

Munthu amene lipoti lake limalemera kwambiri pa za masitepe, bafa ndi wheelchair ndi occupational therapist, amangoti OT. Mumamupempha kudzera ku adult social care ya khonsolo, kapena ku children's services ngati ndi mwana, kuyeza kwake ndi kwaulere koma kudikira kumatalika ndiye pemphani lero lomwe. Dziwaninso kuti OT atha kunena kuti nyumba yanuyo ingokonzedwa, aikemo zogwirira kapena stairlift, ndiye transfer yathera pomwepo. Ngati pali zifukwa zoti kukonzako sikungathandize, mwina khomo ndi lopapatiza wheelchair singadutse, zineneni iye akadali m'nyumbamo.

Mwana wa autism kapena vuto lina amene sangagone ndi mbale wake, musangolemba dzina la vutolo. Pezani kalata ya paediatrician (dokotala wa ana), ya kusukulu, EHCP (chikalata cha thandizo lapadera la maphunziro ndi umoyo wa mwana) ngati ali nayo, DLA (ndalama ya boma ya ana olumala) ngati amalandira, ndipo zifotokoze za usiku, amadzuka kangati, mbale wakeyo zikumukhudza bwanji kusukulu, anavulazidwapo kapena ayi. Ife tinaleredwa kuti za m'nyumba saulula, ndipo ambiri timachita manyazi kulemba kuti mwana amadzikodzera kapena kuti ine ndimasamba pa sinki ya kukhitchini chifukwa sindingakwere kupita kubafa. Koma chimene simunalembe kwa iwo kulibe. Fotokozani tsiku loipa, osati tsiku limene mwadzilimbitsa. Zomwezonso za matenda a maganizo, kalata ichokere kwa amene amakuonani nthawi zonse ndipo inene chimene chili pa nyumbayo kapena pamalopo chimene chikukulitsa vuto.

Chinyezi ndi nkhungu zakuda zija za m'makoma, apa ambiri amakhumudwa. Kawirikawiri landilodi amati imeneyo ndi nkhani yokonza osati yosamutsa. Kuyambira October 2025 kuli lamulo lotchedwa Awaab's Law limene limapatsa malandilodi a social masiku owerengeka oti afufuze ndi kukonza nkhungu zoopsa, ligwiritseni ntchito, koma likukonzetsani nyumba, silikupatsani bandi lokha. Kuti nkhungu zithandize pa transfer pamafunika mbiri: tsiku lililonse munanena, nambala ya repair imene anakupatsani, zithunzi zokhala ndi madeti, umboni woti anakonza zinabwereranso, ndi kalata ya kuchipatala ngati mwana ali ndi mphumu. Akakusamutsani kwa kanthawi kuti akonze amati decant, imeneyo si transfer, mumabwerera.

Za aneba ovuta, kuopsezedwa kapena kusalidwa chifukwa cha khungu, nenani ku polisi nthawi iliyonse ndipo sungani crime reference number, lembani m'kabuku tsiku, nthawi ndi chimene chachitika, uzani landilodi polemba. Kudandaula pa foni kokha sikusiya phazi, ndiye mukamaliza kuimba tumizani kaimelo kafupi konena kuti lero ndalankhula ndi wakuti tagwirizana zakuti. Chilichonse chimene mwatumiza sungani kope lake, osapereka ma original.

6. Konzani za lendi ndi nyumba imene mulimo

Ngongole ya lendi imaimitsa ma transfer ambiri. Makhonsolo ena amakutsitsani bandi, ena amakulolani kubida koma ikafika nthawi ya offer amakudumphani mwakachetechete. Ngati muli ndi ngongole pangani nawo mgwirizano wobweza pang'onopang'ono ndipo musaphonye, ambiri amayang'ana ngati mwasunga mgwirizanowo kwa miyezi ingapo. Amabweranso kudzayendera nyumba musanasamuke, zitseko zoboola, khoma limene munagumula popanda chilolezo, gadeni yodzadza zinyalala, zonsezo amakuuzani mukonze kapena amakulipiritsani. Amene mumapita kumudzi miyezi yambiri uzani landilodi musananyamuke, ndipo osasiya munthu wina akulipira lendi kwa inu, kubwereketsa nyumba yonse ya social ndi mlandu pansi pa lamulo la 2013.

7. Kubida

Madera ambiri amagwiritsa choice based lettings, nyumba zimaikidwa pa intaneti kawirikawiri sabata iliyonse inu nkusankha. Kubida sikulipira ndalama, ndi kungosonyeza kuti ndikuifuna, ndipo kubida tsiku loyamba kapena lomaliza sikusintha malo anu. Werengani malonda ake bwino, nyumba zina amalemba kuti ndi za transfer okhaokha, izo ndiye zanu, zina za azaka 55 kupita m'tsogolo, zina za ofunika nyumba ya olumala. Chofunika kwambiri chimene anthu sayang'ana ndi zotsatira, amaonetsa kuti nyumba yakuti inapita kwa wa bandi yanji wa deti yanji. Mukayang'ana miyezi ingapo mudziwa nokha ngati nyumba ya gadeni m'dera lija ingakufikeni kapena mukungotaya zaka, mwina flat ya dera lina ikupita kwa anthu a deti ya pambuyo panu. Koma osabida nyumba imene simungaivomere, chifukwa kukana kawiri kapena katatu popanda chifukwa chomveka kumatsitsa bandi kapena kukuimitsani miyezi.

8. Ngati bandi yalakwika, pemphani review

Muli ndi ufulu wopempha kuti aonenso chigamulo chawo, nthawi zambiri mkati mwa masiku 21 kuchokera pamene mwalandira kalata, onani pa kalatapo. Musalembe mokwiya kuti ndakhala zaka zambiri mukundizunza. Lembani kuti ndime yakuti ya scheme yanu ikuti chakuti, umboni wanga ndi uwu, simunauganizire. Mabungwe a Shelter ndi Citizens Advice amathandiza kwaulere. Khansala kapena MP atha kuwafunsa kuti afulumire kuyankha, koma sangakudumphitseni anthu. Zikakanika pali madandaulo a mkati, kenako Local Government and Social Care Ombudsman ngati nkhani ndi ya register ya khonsolo, kapena Housing Ombudsman ngati ndi ya landilodi wanu.

9. Njira zosadutsa pa list

Mutual exchange, kusinthana nyumba ndi munthu wina wa social kulikonse m'dziko muno, kwa ambiri imeneyi ndiye yachangu ndipo bandi ilibe nayo ntchito. Mumalembetsa pa webusaiti ya HomeSwapper kapena House Exchange, malandilodi ambiri amakulipirirani. Mukapezana nonse mumapempha chilolezo cholemba, landilodi ali ndi masiku 42 oti ayankhe ndipo angakane pa zifukwa zoikika zokha, monga nyumba kukula kwambiri kuposa banja lanu. Osapatsana ndalama, ngakhale wina atati ndiwonjezereni kangachepe chifukwa yanga ili ndi gadeni, mutha kutaya nyumba nonse. Osasamuka chilolezo chisanabwere. Ndipo nyumbayo mumaitenga mmene ilili, kaiwoneni masana komanso usiku.

Management transfer ndi ya zoopsa zenizeni, nkhanza za m'banja, kuopsezedwa kuphedwa, pamene polisi kapena social worker akuchitira umboni kuti munthu sangakhalenso pamenepo. Amakupatsani nyumba mwachindunji, kawirikawiri offer imodzi, yofanana kukula ndi imene mwasiya, ndiye si njira yopezera chipinda chowonjezera. Achemwali amene mukuthawa nkhanza, Domestic Abuse Act 2021 imati ngati munali ndi tenancy ya moyo wonse ndipo khonsolo ikukupatsani nyumba ina chifukwa cha nkhanzazo, ikupatseninso ya moyo wonse. Musabweze makiyi musanalankhule ndi wodziwa malamulo.

Amene ana anachoka zipinda zatsala, bedroom tax imene inayamba mu April 2013 imadula 14% ya thandizo la lendi pa chipinda chimodzi chopanda munthu, 25% pa ziwiri kapena kuposa, kwa a msinkhu wogwira ntchito. Funsani za downsizing, bandi imakhala yapamwamba ndipo malandilodi ena amathandiza ndi ndalama zosamukira. Amene mwapeza ntchito ya nthawi yaitali dera la khonsolo ina, tchulani Right to Move ya 2015, imaletsa khonsolo kukukanani chifukwa chongoti si inu a kumeneko ngati kusasamuka kukubweretserani mavuto.

10. Offer ikabwera

Zimathamanga, foni lero, kukaona mawa, yankho pompo kapena tsiku lotsatira, ndiye nambala yanu pa akaunti ikhale yolondola ndipo ma ID, ma birth certificate ndi ma bank statement akhale pafupi chifukwa amayang'ananso zonse. Musanasaine funsani zinthu ziwiri. Tenancy yake ndi yanji, chifukwa kuchoka ku khonsolo kupita ku housing association kutha kukusinthirani ufulu wina monga Right to Buy, wogula nyumba imene mukukhalamo, ndipo tenancy ina imakhala ya zaka zowerengeka. Lendi yake ndi social rent kapena affordable rent, chifukwa affordable imafika mpaka 80% ya mitengo ya kwa malandilodi wamba, kuphatikizapo service charge. Nyumba zambiri mumazipeza zopanda kapeti, makatani, cooker ngakhale furiji, ndipo notisi ya nyumba yakale nthawi zambiri ndi masabata 4, ndiye mutha kulipira lendi ziwiri nthawi imodzi. Pemphani landilodi ngati angafupikitse notisiyo, makamaka ngati nyumba zonse ziwiri ndi zake, ndipo tsiku losamuka lomwelo lowani mu akaunti ya Universal Credit musinthe adilesi ndi lendi yatsopano.